Amuna a Mayi Sapsa

"Ndati undiuze, iwe Evelina. Dzina langa ndine yani?"

Evelina sanasiye kusinja. Munsi unkakwera ndi kutsika, koma mumtondomo simunali chimanga. Munali nyuzipepala zakale zimene anaziviika m'madzi masiku atatu mpaka zinasanduka phala lotuwa.

"Mwaiwala dzina lanu, bambo a Luntha? Dzuwa la Okutobala ndi loopsadi."

"Usandiseke! Ndakwera minibasi ku Limbe. Kondakitala, munthu woti chitseko cha nyumba yake ndinakhoma ndine, akuti, 'Tasunthani pang'ono akhale amuna a Mayi Sapsa.' Minibasi yonse inafa nalo phwete. Ine Bonifasi Nakhumwa, zaka khumi ndi zisanu ndikupala matabwa mu Bangwe muno, lero ndasanduka amuna a munthu?"

"Nanga sindinu amuna anga?"

"Mkazi ndiye amatchulidwa ndi dzina la mwamuna. Iwe ndiwe Mayi Nakhumwa. Sapsa ndi mfunda wa kuti? Ndi Mlomwe ameneyo? Ndi Msena?"

Sapsa silinali dzina la munthu. Linali dzina limene anthu anapatsa mabolodi a siling'i amene Evelina ankaumba kuseri kwa nyumba yawo. Chibwerereni matipate, nyuzipepala zinachuluka m'tauni ngati ngumbi za mvula yoyamba. Aliyense wokhala ndi mkwiyo ankatulutsa yake. Anthu ankawerenga, n'kutukwana, n'kutaya, ndipo Evelina ankatola. Ankazisinja, n'kusakaniza ndi ulusi wa khonje, utuchi, dothi la pachulu ndi phala la chinangwa, kenaka n'kuthira m'chikombole, n'kupsinja ndi miyala. Mabolodiwo akauma ankakhala otuwa, olemera, ooneka ngati chigumu cha dzulo. Koma ukawakhoma pansi pa malata, nyumba imene masana inkatentha ngati uvuni inkazizira. Ndipo ukawaika pamoto ankangoda, osayaka. Anthu anayamba ndi kutchula mabolodiwo kuti Sapsa. Kenaka dzinalo linakwera kwa mwini wake. Tsopano linali litafika pa Bonifasi.

"Pali nkhani ina," anatero Evelina akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Kunabwera a Mhango, tcheyamani wa komiti ya sukulu ya mkaka ya kutchalitchi. Mukudziwa kuti makatoni aja anaika kudenga anagwira moto mwezi watha, pamene amayi ankaphikira ana phala. Mwayi wake ana anali panja. Tsopano akufuna siling'i yosayaka, zipinda zonse zitatu. Akuti Loweruka lachitatu kuchokera lero ndikaonetse komiti yonse kuti bolodi langa silipsadi. Akakhutira, alemba dzina m'buku."

"Dzina la yani?"

Evelina anayang'ana mumtondo.

"Ndafunsa, dzina la yani?"

"Anati la woumba."

"Woumba! Chikombole chimenecho anakhoma ndani? Utuchi umachokera m'shedi ya yani? Ngakhale mtondo ukusinjirawo ndinasema ndine. Siling'i ndi ntchito ya kalipentala chiyambire dziko. Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, Evelina."

"Ndiye tikoke tonse. Ine kuumba ndimatha, koma kukhoma sinditha. Mabolodi amenewa afuna munthu wodziwa misomali. Bwerani mawa m'mawa kuseri kuno ndikuonetseni mmene ndimasakanizira. Palibe chobisa."

"Ine? Ndikagwade kuseri kwa bafa mkazi wanga azindiphunzitsa? Ndikhale wonyamula hamala wa Mayi Sapsa?"

"Ino ndi nthawi ya matipate, bambo a Luntha. Aliyense akuti ali ndi mawu."

"Matipate amathera pamsewu paja. M'nyumba muno ndi wanipate."

Evelina anakweza munsi. "Chabwino, a pulezidenti. Tasunthani pang'ono, mabodza a ndalewa angakudonthereni pansapato."

Bonifasi anasunthadi, chifukwa nsapatozo zinali za ku tchalitchi. Koma mawu oti "tasunthani pang'ono" anali achiwiri tsiku limenelo, ndipo anamulowa ngati kachitsotso ka thabwa kolowa pansi pa chikhadabo.

Mawa lake masana, m'shedi ya Bonifasi munalowa mchemwali wake wamkulu, Anastasia, amene ankagulitsa kaunjika pamsika. Anakhala pabenchi losatha kukhoma, n'kuyang'ana mipando iwiri imene inali itaima pamenepo chiyambire Ogasiti, yopanda woifunsa.

"Achimwene, mwaonda."

"Ndi ntchito, achemwali."

"Ntchito yake iti? Mipando iyi yayamba kukudziwani dzina." Anasendera pafupi. "Ine ndimangokhala chete poti za m'banja la eni saweruza. Koma magazi ndi magazi. Dzulo ku mapemphero a mphakati alamu anga anawakhazika kutsogolo, pampando. Ine amene ndinayamba kuimba kwaya iwo asanamere mano, pamkeka. Ndiye ndinadzifunsa: pepala limeneli, loti ngakhale mwana amayatsira mbaula, likane moto chifukwa chiyani?"

"Akuti ndi dothi."

"Dothi! Inu mwakula liti? Dothi la pachulu, lotapa mbandakucha anthu asanadzuke? Nanga debe lija amalitsekera ndi loko m'khola la nkhuku lakale? Ndinamuona ndi maso angawa tsiku lina ndikudzabwereka sefa. Watseka pamphuno ndi nsalu, m'manja wavala majumbo, mwana wamuthamangitsira kumsewu. Akutapa ufa woyera mbee! Atandiona anati, 'Alamu, imani patali.' Ndiime patali ine? Pakhomo pa mlongo wanga?"

Bonifasi anasiya kupala. Debelo ankalidziwa. Ankaliona m'mipata ya kholalo tsiku lililonse akamapita kubafa, koma anali atalumbira mumtima kuti sadzafunsa kanthu za ntchito ya mkazi wake, kuti asaoneke ngati akusirira.

"Mukuti ndi chiyani, achemwali?"

"Chizimba. Mankhwala alionse, kaya ndi a bizinesi kaya ndi a munda, sagwira popanda chizimba. Mizu ndi masamba n'zongoperekeza. Mphamvu yonse imakhala m'kanthu kakang'ono kamene sing'anga amatsina komaliza. Mapepala, khonje, zonsezo n'zophimba anthu m'maso. Mkazi wanu anakhwima, achimwene. Ndipo funsani mtima wanu: chiyambireni iye kukwera, inu mwatsika bwanji? Mwayi wanu ukupita kuti?"

Mawu amenewa akanayenera kumuopsa Bonifasi. M'malo mwake anamva kupepuka, ngati munthu amene wamutula thumba la simenti. Ngati ndi mankhwala, ndiye kuti Evelina sanamupose nzeru. Ngati ndi mankhwala, ndiye kuti iye, Bonifasi, akadali mmisiri yekha pakhomopo.

"Musauze munthu zimenezi," anatero.

"Ine? Pakamwa panga ndi pa loko."

Loko wa Anastasia anali wa pamsika, wotsekuka ndi kiyi aliyense. Pofika Lachisanu, amayi amene ankabweretsera Evelina mitolo ya nyuzipepala anasiya kubwera. Wogulitsa khonje wa ku Nguludi anayamba kudutsa njira ya kumunsi. Kumpopi, Evelina akafika, ndowa zinkasendera zokha kumupatsa malo, ndipo nkhani zinkaduka pakati.

Lolemba la sabata yachiwiri, Bonifasi anabwera kudzadya masana n'kupeza mwana wawo Luntha, wa Sitandade 3, atakhala pakhonde maso ali ofiira. Evelina anali ataima pakhomo manja atapinda.

"Mufunseni mwana wanu chimene amuuza kusukulu."

Luntha sanadikire kufunsidwa. "Akuti amayi amasinja mafupa a anthu. Akuti ndisamakhale nawo pa desiki."

"Lowa m'nyumba," anatero Evelina. Mwana atalowa anatsitsa mawu. "Bambo a Luntha, ine ndapirira dzina la wanipate, ndapirira kundiyang'ana ngati ndakuberani. Koma izi zafika pa mwana. Nkhaniyi yachokera kwa achemwali anu, Bangwe yense akudziwa. Pitani mukawauze asiye. Kapena imani pa tchalitchi Lamulungu munene kuti mkazi wanga ndimagona naye nyumba imodzi, si mfiti. Mawu anu amodzi okha akwanira."

"Pakamwa pa anthu sugwira."

"Sindikunena za anthu. Ndikunena za inu."

"Nanga m'debe muja muli chiyani?"

Evelina anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yake sinakwiye. Inangotsekeka, ngati zenera.

"Mukanandifunsa mwezi watha, ndikanakutsekulirani ndi chimwemwe. Lero mukufunsa ndi pakamwa pa achemwali anu. Nanunso mukukhulupirira?"

"Ine sindinanene kanthu."

"Eya. Simunanene kanthu. Ndi zomwezo ndikudandaulazo."

Bonifasi anadya chakudya chake chete. Mwana ankamumvetsa chisoni, zimenezo n'zoona. Koma pansi pa chisonicho panali kanthu kena kotentha, kokoma, kamene sakanakatchula ngakhale kwa wansembe: anthu anali atayamba kumulonjera ndi dzina lake. "Pepani, a Nakhumwa," ankatero pamsewu, akupukusa mitu. Chisoni cha anthu si ulemu, koma kwa munthu wanjala ngakhale gaga ndi ufa.

Lachinayi masana Evelina anapita ku mphakati, ngakhale ankadziwa kuti akakhala yekha pamkeka. Bonifasi anatseka shedi, n'kubwerera kunyumba ndi chitsulo chozulira misomali. Loko wa khola la nkhuku sanavute. Anavundukula debe. Linali lodzaza kupitirira theka ndi ufa woyera, wosalala.

Ananunkhiza. Unkamveka ngati laimu wamba, yemwe uja amapaka m'makoma Khirisimasi ikayandikira. Anaima kaye. Koma munthu wansanje sakhulupirira mphuno yake. "Chizimba chimadzibisa," anadziuza. "Chikanamanunkha mafupa, bwenzi aliyense atadziwa." Ndipo poona kuchuluka kwake anapukusa mutu: mkazi ameneyu anasunga cha zaka makumi awiri!

Anatsina ndi zala ziwiri, monga anamulangizira Anastasia, n'kukulunga m'kapepala ka fodya. Chizimba sadzazitsa dzanja. Ukachulutsa chimakutembenukira.

Masiku otsatirawo m'shedi ya Bonifasi munamveka munsi m'malo mwa sowo. Anakhoma chikombole chatsopano, cha ngodya zowongoka kuposa cha mkazi wake. Nyuzipepala sanavutike nazo, amayi aja osiya kupita kwa Evelina ankamubweretsera yekha. Anaika khonje, utuchi wambiri, phala la chinangwa. Dothi analisiya. Dothi ndi limene linkadetsa mabolodi a Evelina ndi kuwalemeretsa, ndipo ngati mphamvu ili m'chizimba, matope alowapo chiyani? Pomaliza anamasula kapepala kaja, n'kuwaza kaufako pakati, akuyang'ana kumbali.

Bolodi litauma linali lopepuka ngati chikwatu cha buku. Analikwecha ndi sandipepa mpaka linasalala ngati tsaya la khanda. Kenaka anachita chimene kalipentala aliyense wodzilemekeza amachita ndi ntchito imene akufuna kuti anthu aione: analipaka vanishi. Kamodzi. Litauma, kawiri. Kenaka kachitatu.

Anastasia atabwera kudzaona anadziyang'anira nkhope pabolodipo, n'kukonza duku.

"Uyu ndiye Sapsa wa mwamuna," anatero. "Mwaliyesa pamoto?"

"Ndiwononge vanishi? Chizimba ndi chomwecho, cha m'debe momwemo."

Evelina anaona loko wothyoka Lachinayi lomwelo, koma sanafunse. Anangomanga chitseko cha khola ndi waya. M'nyumbamo mawu anali atachepa mpaka anatsala a madzi osamba ndi a mchere.

Loweruka lija linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Pabwalo la tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango, komiti inakhala pamabenchi: abambo atatu, amayi anayi, ndi a Mhango pakati. A Mhango anali munthu wa ku Rumphi, wopuma ntchito ya boma, amene ankavala tayi ngakhale popita kumunda wake wa ndiwo. Pamiyendo pawo panali buku lachikuto cholimba. Anthu ena anabwera ochuluka kuposa oitanidwa, poti nkhani ya mafupa inali itafika mpaka ku Namiyango. Pakati pa bwalo panali mbaula yodzaza makala ofiira, ndi njerwa zinayi zosanjikiza m'mbali mwake kuti bolodi likhale pamwamba pa moto.

Evelina anafika atasenza bolodi lake lotuwa, m'manja atanyamula dengu lovundikira. Asanatule, khamu linapatuka. Bonifasi analowa atavala jekete, atanyamula chinthu chokulunga m'nsalu ya pabedi.

"A tcheyamani, ndi komiti yonse," anayamba, "pepani ndilankhule monga mutu wa banja limene mwaliitana. Zimene mwakhala mukuona m'makomomu zinali zoyeserera chabe, ntchito ya kuseri kwa nyumba. Lero ndabweretsa Sapsa weniweni, wotuluka m'manja mwa mmisiri."

Anavundukula. Dzuwa linagunda pavanishi n'kubwerera m'maso mwa anthu. Amayi a m'komiti anati, "Eee!" A Mhango anadzuka, n'kulisisita ndi chala, n'kulinyamula ndi dzanja limodzi.

"Lopepuka! Ndipo ndi smati kwabasi. Mama, bwanji simunatiuze kuti kunyumba kuli mtundu wina?"

Evelina anayang'ana bolodilo, n'kuyang'ana mwamuna wake. "Bambo a Luntha," anatero motsitsa, "mwapaka vanishi?"

"Katatu."

"Musaliike pamoto. Chonde. Tikakambirane kunyumba."

"Mwamva?" Anastasia anafuula ali m'khamu. "Nsanje! Safuna mwamuna wake aoneke!"

Bonifasi anamwetulira, n'kuika bolodi lake panjerwa.

Kwa kanthawi kochepa silinachite kanthu, ndipo iye anayamba kukonza kolala ya jekete. Kenaka vanishi anayamba kutuwa ndi kutuluka matuza. Fungo lakuthwa linakwera. Lawi linasuzumira m'mphepete ngati likufunsa njira, n'kuthamanga pamwamba ponse kamodzi. Moto unati lawilawi kufika m'chiuno mwa munthu. Amayi a m'komiti anagwetsa benchi pothawa. Utsi wakuda unalowa m'masamba a mango, ndipo bolodi linapindika, n'kuthyoka pakati, n'kugwera m'mbaula.

"Sapsa wapsa!" wina anakuwa kumbuyo. Khamu linalandira. "Sapsa wapsa! Sapsa wapsa!"

A Mhango anakupiza utsi ndi buku lawo. Nkhope yawo inali itagwa. "Ichi tikanakhoma pamwamba pa ana athu," anatero. "Ana makumi asanu ndi limodzi. Ngati weniweni ndi ameneyu, woyeserera uja ndiye wotani? Pepani, mama. Komiti singapitirize." Anatseka buku.

Evelina anali ataima ndi bolodi lake lotsamira pamwendo, akuyang'ana mwamuna wake. Sanali kumupempha. Ankangodikira.

Bonifasi anadziwa chimene ankadikira. Mawu anali ochepa: bolodi lapsali si la mkazi wanga, iye sanaligwireko. Koma khutu lake linali ku khamu. Sapsa wapsa. Dzina lija linali kufa pamaso pake. Mawa m'minibasi sipadzakhala Mayi Sapsa, ndipo popanda Mayi Sapsa sipadzakhala amuna ake. Manyazi a lero akanagawana awiri, koma dzina likanafa la mmodzi. Anayang'ana nsapato zake, n'kukhala chete, monga anakhalira chete pa nkhani ya mwana.

Amene sanathe kukhala chete ndi Anastasia. Anatulukira kutsogolo akukankha anthu ndi zigongono.

"Achimwene, mwachita bwanji? Simunaike chizimba chija? Ndinati mutsine m'debe la alamu, muwaze pakati!"

Maso onse anatembenukira kwa Anastasia.

"Chizimba chanji?" anafunsa a Mhango.

Anastasia anagwira pakamwa, koma mawu akatuluka sabwezedwa ngati kaunjika wosakwana.

Evelina anawerama, n'kuvundukula dengu lake. Anatulutsa zinthu chimodzichimodzi n'kuziyala pansi: mpira wa mapepala osinja, mtolo wa khonje, utuchi, chibuma cha dothi la pachulu. Pomaliza anatulutsa jumbo ya ufa woyera. Amayi a kutsogolo anabwerera m'mbuyo.

"A tcheyamani anandiuza kuti ndibweretse zonse zimene ndimaika," anatero. "Mafupa aja ndi awa. A Mhango, inu munamangitsapo nyumba. Tanunkhizani."

A Mhango anaweramira m'jumbomo, n'kuyetsemula. "Laimu uyu."

"Laimu. Wa ku hadiweya ku Limbe, amagulitsa kwa aliyense, ngakhale kwa Akhristu. Ndimamutsekera chifukwa amawotcha m'maso, ndipo pakhomo pali mwana. Ndimavala majumbo chifukwa amasupula manja. Dothi ndimatapa m'mawa chifukwa masana chulu chimauma gwa, khasu sililowa. Pa chikombole chimodzi ndimathira laimu mbale zitatu, dothi mbale zisanu. Zimenezo ndi zimene zimakuta pepala kuti moto usalipeze." Anatembenuka. "Inu munathira laimu wochuluka bwanji, bambo a Luntha?"

Bonifasi sanafune kuyankha. Koma dzanja lake linayankha lokha. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinakumana, kutsina mpweya.

Woyamba kuseka anali mayi wina wa m'komiti, amene anayesa kubisa m'chitenje koma zinakanika. Kenaka bwalo lonse linaphulika. Anthu ankatsinirana mpweya m'maso.

"Nanga dothi?" anafunsa a Mhango, akulimbana ndi milomo yawo.

"Limadetsa," anatero Bonifasi ndi mawu a munthu wodwala.

"Safunsa anadya phula, a Nakhumwa."

Evelina sanaseke nawo. Anachotsa zotsala za bolodi lopsa ndi mtengo, anawonjezera makala, n'kukupiza mpaka anafiira. Ananyamula bolodi lake lotuwa n'kuliika panjerwa. Pamwamba pake anaimikapo kandulo yosayatsa.

Anthu anadikira. A Mhango anayang'ana wotchi. Panapita mphindi zisanu, kenaka khumi. Kunsi kwa bolodi kunada bii, kautsi koyera kanatuluka m'mbali n'kuleka. Lawi linanyambita m'mphepete, n'kubwerera. Kandulo inaima chilili, osalira ngakhale dontho.

"Kandulo ikhoza kunama," anatero Evelina. "Pakufunika dzanja la munthu. Langa ayi, poti mwamva kuti ndine wokhwima, mudzati moto umandiopa. Ndani aike?"

Amayi a kumpopi anayang'ana kumbali. Anastasia anali atasowa kale, ngati mchere m'madzi.

"Ndiye aike a m'nyumba mwanga," anapitiriza. "Amene anamva mwana wawo akulira kuti amayi ake akutchedwa mfiti, n'kupitiriza kudya. Bambo a Luntha, inu mukudziwa tsopano kuti mulibe mankhwala. Muli ntchito yanga yokha. Ikani dzanja."

Panalibe kothawira. Bonifasi anayenda masitepe anayi amene anali atali kuposa msewu wa ku Limbe. Kutentha kwa mbaula kunamuwomba m'maondo. Anatambasula dzanja, dzanja lomwe lija lotsina, n'kuligoneka pabolodi la mkazi wake, maso atatsinzina.

Linali lofunda pang'ono chabe, ngati mphumi ya mwana amene malungo amutsika.

"Likuwotcha?" anafunsa a Mhango.

"Ayi."

"Kwezani mawu, a Nakhumwa, akumbuyo amve."

"Silikuwotcha!"

Nthungululu inayambira kwa mayi uja woseka, n'kufalikira kwa omwe aja ankasendeza ndowa kumpopi. Anthu a m'tauni sachedwa kusintha chipani.

A Mhango anatsekula buku, n'kulemba mosamala. "Woumba: Mayi Evelina Nakhumwa. Yewo, mama, ndipo mutikhululukire. Tsopano, mabolodi olemera chonchi afuna kalipentala wodziwa ntchito. Muli naye?"

Evelina anayang'ana mwamuna wake, amene dzanja lake linali likadali pabolodi chifukwa palibe anamuuza kuti achotse.

"Kukhoma amatha," anatero. "Mu Bangwe muno palibe wowaposa. Koma vanishi azisiya kunyumba. Ndipo asanakhome msomali woyamba, Lolemba aperekeze mwana wawo kusukulu, akanene pamaso pa kalasi yonse chimene chili m'debe."

"Mwavomera, bambo?"

"Ndavomera."

"Dzina lonse?"

Funso limeneli Bonifasi anali atalidikira masabata atatu. Anawongola msana mmene akanathera munthu woweramira pa mbaula.

"Bonifasi Ambrosi Nakhumwa. Kalipentala."

A Mhango analemba chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona ya mlomo. Atamaliza anayang'ana zimene alembazo, n'kukanda m'mutu ndi cholembera.

"A Nakhumwa alipo atatu m'parishi muno," anatero. "Ndiwonjezere pambali kuti komiti isasokoneze." Analembanso, akuwerenga mokweza: "Amuna... a Mayi... Sapsa."

Palibe anaseka kwambiri. Bonifasi anagwedeza mutu, nkhope ili phee, dzanja lili pabolodi lotuwa lija. Apo m'pamene anamvetsa mmene chinthucho chimagwirira ntchito: pamwamba pozizira bwino, poti munthu aliyense akhoza kugwira, koma kunsi makala ali ngwee.